Firiji ya m'galimoto yogonamo: njira ya madzi ndi kusungunula ayezi

Kapepala aka ndi ka inu amene muli ndi galimoto yogonamo ija amati motorhome, komanso ka inu amene mumaitsuka, kuikonza kapena kuiyendetsa pa ntchito. Magalimoto otere ndi ochuluka ku Britain, Germany, France ndi America, ndipo ku South Africa kuli makampani amene amawabwereketsa kwa alendo oyenda maulendo ataliatali. Mkati mumakhala bedi, mbaula ya gasi, sinki ndi firiji yomangiridwa m'kabati. Munthu wokumana ndi firiji imeneyi koyamba amadabwa kupeza madzi atadikha pansi pa kabokosi ka masamba, kapena ayezi atamera khoma lonse lakumbuyo pomwe mkaka ukusasa.

Firiji iliyonse imapanga madzi, ngakhale yogula dzulo. Opanga anawakonzera potulukira: kabowo kochepa kuposa chala chanu chaching'ono, ndi kapaipi kobisika kumbuyo. Njira imeneyi ikamakhala yotseguka, ayezi n'kumasungunulidwa pa nthawi yake popanda kumukakamiza, firiji imatumikira zaka zambiri. Ikatsekeka, zakudya ndi zimene zimayamba kuwonongeka, kenako matabwa a galimoto.

Firiji yozizira ndi moto

Mafiriji ambiri a m'magalimoto amenewa alibe kompuresa, n'chifukwa chake simuwamva kulira. Mtundu wake umatchedwa absorption. Kapangidwe kake kopanda pampu kanatulukiridwa mu 1922 ndi ophunzira awiri a ku Stockholm m'dziko la Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, ndipo kampani ya Electrolux inayamba kugulitsa mafiriji otere mu 1925. Mayina amene muwaone pa chitseko masiku ano ndi Dometic, imene inachoka mu Electrolux mu 2001, Thetford, komanso Norcold ku America. Amene munagwirapo ntchito m'zipatala zazing'ono za kumudzi mukukumbukira mafiriji a palafini osungiramo katemera. Ndi mtundu womwewu, ndipo zambiri za m'kapepala kano zikuwakhudzanso.

Kumbuyo kuli mapaipi achitsulo owotcherera, osatsegulika, ndipo mkati mwake muli amoniya, madzi ndi mpweya wa haidrojeni. Kamoto ka gasi, kapena waya wotentha ndi magetsi, kamawiritsa madzi osakanikirana ndi amoniya. Nthunzi ya amoniya imakwera, imakazizira kumwamba n'kusanduka madzimadzi, kenako imatsetserekera m'paipi yodutsa mu firiza ndi kuseri kwa timalata toimirira timene mumationa pa khoma lakumbuyo mukatsegula chitseko. Mmenemo amoniya amakumana ndi haidrojeni n'kusandukanso nthunzi, ndipo posanduka choncho amakoka kutentha kwa m'firiji. Madzi amamumezanso n'kubwerera naye ku moto. Palibe chokankha. Chotentha chimakwera chokha, cholemera chimatsika chokha.

Ubwino wa firiji yotere ndi woti ilibe phokoso, ilibe chozungulira choti chithe, ndipo imayenda ndi gasi, ndi magetsi a 230V a pamalo oimika magalimoto, kapena ndi magetsi a 12V injini ikamalira. Koma mphamvu yake yoziziritsa ndi yochepa, ndiponso imachedwa. Firiji ya m'nyumba ikamera ayezi, kompuresa imangolira nthawi yaitali n'kubweza zimene zatayika. Iyi ilibe yotsala yobwezera. Ayezi akakuta timalata amatchinga pakati pa chitsulo chozizira ndi mpweya wa m'firiji, ndiye kumbuyo kumaoneka koyera mbee koma zakudya zikufunda.

Imafunanso galimoto yoima mowongoka. Malire amene opanga ena amapereka ndi madigiri 3 kupendekera m'mbali mwa firiji, ndi madigiri 6 kutsogolo kapena kumbuyo. Pamsewu kugwedezeka kumathandiza kuti za m'mapaipi ziziyenda, koma galimoto ikaima pamtsetse maola ambiri firiji ili chiyakire, madzi amatsakamira, pamoto pamatentha mopyola, ndipo mankhwala oteteza dzimbiri amene ali mkatimo amauma n'kuyamba kutseka njira. Potsekeka motero sipatsegukanso. Kalevulo ka amisiri omanga n'kokwanira. Kaikeni pansi mu firiza musanayatse.

Madzi amachokera mu mpweya

Botolo la chakumwa chozizira likatulutsidwa tsiku lotentha limachita thukuta kunja ngakhale silinabooke. Pa timalata pamachitika zomwezo. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri: pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi ya mpweya ikhoza kunyamula magalamu pafupifupi 30 a madzi, pamene pa madigiri 5 imangokwanitsa pafupifupi 7. Otsalawo amatera pamalo ozizira kuposa onse. Timalata tikakhala pamwamba pang'ono pa madigiri 0, amakhala madontho n'kumatsika. Tikazizira kupyola apo, amaundana pomwepo.

Mukangotsegula chitseko, mpweya wozizira umagwera pansi n'kutuluka, wofunda n'kulowa m'malo mwake. M'galimoto yogonamo mpweyawo umakhala wonyowa kale, chifukwa m'kachipinda kamodzi komweko anthu akuphika, akupuma, akusamba, wina wayanika thaulo. Kuwonjezera apo pali mvula ya ku Britain, kapena chinyezi cha m'mphepete mwa nyanja ku Durban mu Januwale. Alendo odutsa ndi magalimotowa ku Malawi n'kukaima ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi m'dzinja amakumana ndi kutentha ndi chinyezi pamodzi, ndipo ayezi amamera msanga kuposa mmene anazolowerera kwawo. Poto wa ndiwo zotentha, mbale yosavundikira ndi masamba otsuka kumene amawonjezera madzi ena mkati momwemo.

Ngati ayezi akubwerera patangopita masiku awiri atatu mutasungunula, yambani mwakayikira labala wa pa chitseko. Panitsani kapepala ndi chitseko, mukoke. Kakatuluka mosalimba, ndiye kuti pamenepo pakulowa mpweya usana ndi usiku. Yesani mbali zonse zinayi, makamaka m'makona ndi kumunsi kumene kumadontherako msuzi. Nthawi zina labala amakhala wabwino, koma chitseko chalendewera chifukwa cha mabotolo olemera ndi misewu yokumbika.

Njira ya madzi

Chotsani shelefu yakumwamba muyang'ane pansi pa timalata. Mupezapo kangalande kapulasitiki kotsetserekera pakati kapena mbali imodzi, ndipo potsikira pake pali kabowo. Kuchoka pamenepo kapaipi kofewa kamaboola khoma n'kutulukira kumbuyo. Kumene kamathera kumasiyana. M'mafiriji ambiri a ku Ulaya kamathira m'kambale komangiriridwa pafupi ndi paipi yofunda, madziwo n'kumauma okha ndi kutentha kwa firiji yomweyo. M'magalimoto ambiri a ku America kamatulukira panja, madzi n'kumadonthera pansi. Dziwani kaye kuti yanu ndi iti.

Kuti muone kumbuyoko simufunika kuzula firiji. Kunja kwa galimoto, pa khoma limene firiji yatsamira, pali mazenera apulasitiki olowetsa ndi kutulutsa mpweya, lina kumunsi lina kumwamba, ngakhale kuti pa magalimoto ena lakumwambalo limakhala padenga. Lakumunsi limachoka mosavuta, nthawi zambiri pongotembenuza kapena kukankha timaloko take. Musanapisemo dzanja zimitsani firiji, tsekani gasi, ndipo dikirani kuti paipi ya moto izizire, chifukwa imawotcha ndithu.

Kuyesa kwake kumafuna anthu awiri. Mmodzi athire theka la kapu ya madzi ofunda m'kangalande pang'onopang'ono, wina aunike kumbuyo ndi tochi. Madzi onse akafika m'kambale kapena panja, njira ili bwino. Akaima m'kangalande, kabowo katsekeka. Akachoka m'kangalande koma osafika kumene ayenera kufika, ndiye kuti akuthera pathabwa, ndipo vuto limeneli ndi lalikulu kuposa loyamba lija chifukwa mkati mwa firiji mumaoneka mouma bwinobwino.

Chotseka kabowo chimakhala nyenyeswa za buledi, khungu la anyezi, kapepala komatuka pa paketi, kapena zoterera zimene zimamera m'kapaipi mukadonthera mkaka. Nthawi zina ndi ayezi amene waundana pakamwa pake. Sungunulani kaye, kenako tengani sirinji yopanda singano, muidzaze madzi ofunda othira soda pang'ono, muwapopere m'kabowomo kangapo. Zikakanika, lowetsani mofatsa chingwe chofewa cha nayiloni, cha pa makina otchetchera udzu chija. Waya wachitsulo ayi. Kapaipi kakakalamba kamauma n'kuyamba kung'aluka, ndipo waya amakaboola kapena kukakankha mpaka kuzuka pamene kanalumikizidwa.

Kumbuyo onetsetsani kuti kapaipi sikanapindike, sikanathyoke, ndipo kakutsika njira yonse popanda pokwera. Kugwedezeka kwa pamsewu kumakazula m'kambale. Kakazuka kangalendewere pamwamba pa bokosi la mawaya kapena pa choyatsira gasi, ndipo dontho limodzilimodzi limadzetsa dzimbiri pamenepo. Mafiriji ena ali ndi kachivundikiro kokhala ndi timabowo kumapeto kwa kapaipi. Kamalola madzi kutuluka koma kamachepetsa mpweya wofunda wolowa, ndiponso kamatchinga tizilombo. Ena amakachotsa n'kukataya poganiza kuti ndi kamene kakutseka madzi. Katsukeni mukabwezere. Kakasowa, mpweya wofunda wa kumbuyo umakwera m'kapaipi n'kumamanga ayezi pamalo amodzi omwewo, pamwamba pa kabowo, ndipo akangaude ndi mavu omanga ndi dothi amapezapo khomo.

Ndikulimbikira chonchi pa kapaipi kotchipa chifukwa pansi pa galimoto yogonamo kawirikawiri pamakhala pa pulayiwudi wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo makabati ake ndi a matabwa opyapyala, opepuka. Madzi odontha kuseri kwa firiji sauma msanga. Amalowa m'thabwa, thabwalo limafufuma, limachita chuku, kenako limafewa. Mwini wake amadzazindikira atamva fungo, kapena ataponda pansi n'kumva kuti panyenyeka. Ku Britain amisiri akamayendera gawo logonamo la galimoto chaka ndi chaka amayeza chinyezi cha m'makoma ndi pansi ndi kamakina, chifukwa kukonza matabwa owola kungadye ndalama zoposa mtengo wa firiji yeniyeniyo.

Nkhani ya kupendekera ija ikukhudzanso madziwa. Kangalande n'kosaya. Galimoto ikapendekera kumbali yopanda kabowo, madzi amasefukira m'mphepete n'kutsikira m'mashelefu ngakhale njira ili yoyera. Musanazule chilichonse, onani mmene galimoto yaimira.

Kusungunula ayezi

Malangizo a Dometic amati ayezi akachindikala kufika mamilimita 3, nthawi yosungunula yakwana. Ameneyu ndi ayezi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene anthu amalekerera. Musadikire kuti mipata ya pakati pa timalata itsekeke, chifukwa m'mipatamo ndi mmene mpweya umadutsa kuti uzizire. Kwachinyezi mwina muzisungunula mlungu uliwonse. Kouma mwezi ungathe. Mafiriji ena atsopano amadzizimitsa okha kwa kanthawi kuti timalata tisungunuke, koma firiza imafunabe manja anu.

Sankhani tsiku limene zakudya zatsala zochepa, ndipo yambani kunja kusanatenthe. Ikani zakudya m'bokosi losunga kuzizira. Zimitsani firiji pa batani lake lenileni, chifukwa mafiriji osankha okha mphamvu amadumphira ku gasi mukangozula magetsi. Tsegulani chitseko chachikulu ndi cha firiza. Yalani thaulo pansi pa timalata, lina mu firiza, lina pakhomo.

Matawulowa musawanyozere. Kambale ka kumbuyo kanapangidwira madontho a tsiku ndi tsiku, osati madzi a ayezi wa mwezi wathunthu obwera nthawi imodzi, firiji ili yozimitsa ndipo kumbuyo kulibe kutentha kowaumitsa. Kakadzaza kamasefukira pathabwa. Ngati dzanja lanu likufika pa kapaipi, katulutseni m'kambale mukalozetse m'botolo mpaka ntchito ithe, ndipo musaiwale kukabwezera. Firiza ya mafiriji ambiri ilibe kabowo. Madzi ake ndi opukuta ndi nsalu.

Kenako dikirani. Ayezi amachedwa chifukwa amafuna kutentha kochuluka: kutentha kosungunula kilogalamu imodzi ya ayezi n'kofanana ndi kotenthetsa kilogalamu imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80. Munthu akatopa n'kudikira amatenga mpeni kapena sukuludiraiva. Chonde musatero, ngakhale mutafulumira chotani. Kuseri kwa khoma la firiza ndi kuseri kwa timalata kuli paipi ya amoniya wopanikizika kwambiri. Ikabooka firiji yatha, ndipo amoniya amawotcha maso, mphuno ndi mapapo, makamaka m'kachipinda kothina. Ngakhale mpeniwo usafike pa paipi, umang'amba pulasitiki ya mkati, madzi n'kuyamba kulowa m'zotchinga kutentha za m'khoma, mmene sadzaumanso. Makina oumitsira tsitsi ndi madzi owira othira mwachindunji nazonso zimapinda pulasitiki ndi labala. Chimene opanga ena amalola ndi mbale ya madzi otentha yoikidwa pa nsalu mu firiza, n'kumasintha madziwo akazizira. Ayezi akamasuka yekha n'kuyamba kusendeka, mutoleni ndi manja asanasungunukire pansi.

Pa kamodzi mwa timalatato mungapeze kawaya kopanidwa ndi kachitsulo kapena kapulasitiki. Ndi kamene kamadziwitsa firiji kuti yazizira mokwanira. Onani pamene kali musanayambe kupukuta, ndipo kakasuntha kabwezereni pomwepo. Kakagwa n'kumalendewera, firiji imangoyakabe osapuma, ndipo mawa lake tomato ndi mazira zimapezeka zitaundana.

Ayezi akatha, thirani madzi m'kangalande kuti mutsimikize kuti akudutsa, kenako tsukani mkati monse ndi madzi ofunda a soda. Sopo wonunkhira amasiya fungo m'zakudya, ndipo mankhwala okanda kapena a sipiriti amawononga pulasitiki ndi labala. Pukutani mpaka kuume, timalata, kangalande ndi m'mapindiro a labala momwe, chifukwa madontho otsala ndi amene amayambitsa ayezi watsopano. Yatsani muisiye yopanda kanthu kwa maola angapo. Pokonzekera ulendo, iyatseni maola 12 musanaikemo zakudya, ndipo muziikamo zozizira kale.

Kuti ayezi asabwere msanga

Gulani kachoyezera kuzizira ka m'firiji mukaike pa shelefu yapakati. Chofunika ndi madigiri 5 kapena kucheperapo pang'ono, osafika poundana. Manambala a pa batani la firiji si madigiri. Kunja kukatentha anthu amapotokolera batani kumapeto kwenikweni, koma nthawi zambiri zimenezi zimangochititsa kuti timalata tikhale toundana usana ndi usiku, madontho osatsika, kabowo n'kuundana nako. Zothandiza kwenikweni zili kunja. Imikani galimoto moti mbali ya mazenera a firiji ikhale pamthunzi, musawatchinge ndi katundu kapena tenti, ndipo ngati mumayenda kwambiri kumalo otentha, mmisiri akuikireni kafani pa zenera lakumwamba kuti kazikoka mpweya wotentha. Mkati vundikirani chilichonse, dikirani ndiwo zizizire, ndipo siyani mpata pakati pa zakudya ndi timalata. Paketi yokhudza timalata imatenga madontho n'kukawagwetsa kutali ndi kangalande.

Mafiriji ena aakulu a zitseko ziwiri ali ndi batani lofunditsa felemu ya pakati pa zitsekozo kuti isachite thukuta nyengo yachinyezi. Limadya magetsi a 12V mosalekeza, choncho liyatseni pokhapokha mukaona madontho kunja, ndipo lizimitseni mukamadalira batire lokha.

Magalimoto atsopano, makamaka okhala ndi sola padenga, ambiri akubwera ndi firiji ya kompuresa ya 12V. Imazizira msanga ndipo kupendekera sikuivuta kwenikweni, koma madzi imapangabe. Kambale kake kawirikawiri kamakhala pamwamba pa kompuresa, imene kutentha kwake kumawaumitsa. Mpeni ndi woletsedwa kunonso: ena mwa mafirijiwa ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto.

Poimika galimoto, ndi zosiyira mmisiri

Ulendo ukatha ndipo galimoto ikhala milungu osayenda, sungunulani tsiku lomwelo muli pomwepo. Kuzimitsa firiji yodzaza ayezi, kutseka chitseko n'kuchoka, kumabala chuku chakuda ndi fungo lovuta kulichotsa. Pukutani, khuthulani kambale ka kumbuyo ngati mungakafikire, ndipo siyani zitseko zonse zotsegula pang'ono. Mafiriji ambiri ali ndi poimikira chitseko pa kachitsulo kokolowekera komweko. Kumayiko ozizira opanga amagulitsa zovundikira mazenera a kunja, zogwiritsa ntchito kunja kukazizira kutsika pa madigiri 8. Kukayamba kufunda zichotseni, apo ayi firiji sizizira bwino.

Zonsezi mungathe kuchita nokha, koma za gasi ndi za mapaipi a amoniya ndi za mmisiri wovomerezeka. Mukamva fungo lobaya la amoniya, kapena mukaona ufa wachikasu pa mapaipi a kumbuyo pafupi ndi moto, zimitsani firiji, tsekani gasi, tulutsani anthu, tsegulani mazenera onse. Ufawo musaukhudze, ndi mankhwala oteteza dzimbiri aja, ndipo ndi apoizoni. Lawi la gasi liyenera kukhala labuluu. Likakhala lachikasu, kapena pa zenera lakumwamba pakada mwaye, ndiye kuti gasi sakupsa bwino ndipo angatulutse mpweya wakupha umene ulibe fungo. Firiji yotero isayakenso pa gasi mpaka mmisiri atatsuka choyatsira ndi chumuni, ntchito yoyenera kuchitika kamodzi pa chaka ngakhale zonse zikuoneka kuti zili bwino. Pomwetsa mafuta ndi pokweza galimoto m'sitima yapamadzi, gasi wa firiji azikhala wotseka, chifukwa lawi lake limayakira kuseri kwa zenera lakumunsi, lotsegukira panja.